K35,000 ya nthawi ya Covid ija, ndi funso la mwana wa Fomu 4

Kuno kuchigwa kwa Mtakataka dzuwa silidziwa nthabwala. Ndakhala chete kwa kanthawi chifukwa cha mulu wa makope ofunika kuchonga, koma lero ndati ndilembeko nkhani imene yandisowetsa tulo chiyambire Lachiwiri.

Tsikulo ndimaphunzitsa Fomu 4 za ulova. Ndidalemba pabolodi zomwe zimayambitsa ulova, zotsatira zake, ndi njira zouchepetsera, monga timachitira chaka ndi chaka. Ndili mkati mofufuta, mtsikana wina wokhala kumbuyo adakweza mkono nati, "Aphunzitsi, munthu ntchito ikamuthera mwadzidzidzi, osalakwa kanthu, boma limamupatsa chiyani podikira kuti apeze ina?" Ndidayankha zamabuku: kuti pali ndalama yomwe bwana amayenera kupereka potsazika wantchito, pali penshoni. Iye adangoti, "Nanga bambo anga osema ziboliboli aja, bwana wawo ndani?" Anzake adaseka. Ine sindidaseke, chifukwa ndidakumbukira chaka cha 2020, pamene mtsikanayu adali kupulayimale ndipo bambo akewo adatha miyezi osagulitsa ngakhale kachiboliboli kamodzi.

Tiyeni tikumbutsane mmene zidayendera, poti ife Amalawi sitichedwa kuiwala. Pa 20 March 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, ndipo pa 23 March sukulu zonse zidatsekedwa. Odwala oyamba adapezeka pa 2 April. Koma matendawa adatipeza tili kale pa mpungwepungwe wina. Pa 3 February chaka chomwecho khoti lidali litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha May 2019 ndi kulamula kuti tikavotenso. Choncho chilichonse chimene chidanenedwa za Covid miyezi imeneyo, wina aliyense amachimva ndi khutu la chipani chake. Boma likati khalani kunyumba, otsutsa amva kuti akufuna kuthawa chisankho. Otsutsa akati ayi, a boma amva kuti akufuna anthu afe kuti mlandu ukhale wa DPP.

Kuno kwathu mliri udayamba kuluma m'thumba usadalume m'chifuwa. Amene amadziwa Mua akudziwa kuti kuseri kwa mishoni yakale ya 1902 ija kuli Kungoni, malo a zachikhalidwe omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ndipo mabanja ambiri ozungulira pamenepo amadya kuchokera ku sompho ndi tchizulo. Wogula ziboliboli si iwe ndi ine. Ndi mzungu wobwera pa galimoto ya alendo, pa ulendo wopita ku Cape Maclear kapena wochokera ku Senga Bay. Ndege zitasiya kutera ku Lumbadzi, msikawo udafa tsiku limodzi ngati nyali ya koloboyi yozimitsidwa ndi mphepo. Amayi ogulitsa mpunga wa ku Bwanje ndi usipa m'mbali mwa msewu wa M5 adaona magalimoto akuchepa. Anyamata athu a ku Joni, omwe amatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, adatsekeredwa m'nyumba kumeneko kuyambira kumapeto kwa March, ndipo ambiri adabwerera pa mabasi m'mwezi wa May ali chimanjamanja. Mukukumbukira aja adathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre akudikira zotsatira za kuyezedwa? Tidawanyoza pa wailesi. Koma mmodzi mwa obwererawo ndidamuphunzitsapo ine, ndipo adafika pakhomo pa mayi ake ndi chikwama chimodzi ndi foni yosweka galasi.

Wina amene sindingamuiwale ndi mlamu wanga. Iye amaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya pulaiveti, yomwe sinditchula dzina. Sukulu zitatsekedwa, makolo adaleka kulipira fizi, mwini sukulu adati palibe cholipira aphunzitsi, basi nkhani idathera pomwepo. Sadachotsedwe ntchito, choncho panalibe ndalama yotsazikira. Sadali pa ntchito, choncho panalibe malipiro. Ine wa m'boma malipiro anga amalowa ku banki mwezi uliwonse ndili khale pansi pa mtengo wa mango. Iye wa dipuloma yofanana ndi yanga amabwera madzulo, mwamanyazi, kudzapempha ndowa ya chimanga. Muziisunga nkhani ya mlamu wangayi, ndibwereranso.

Pa 14 April nduna ya zaumoyo, a Jappie Mhango, pamodzi ndi Pulezidenti adalengeza m'bindikiro wa masiku 21, woyamba pa 18 April mpaka 9 May. Misika ikuluikulu itsekedwe, anthu akhale m'makomo. Za chakudya sadanenepo zomveka. Mavenda ku Limbe, ku Mzuzu ndi madera ena adatuluka mumsewu nati bola kufa ndi kolona kusiyana ndi kufa ndi njala. Bungwe la HRDC, lotsogozedwa ndi a Gift Trapence, lidathamangira kukhoti, ndipo pa 17 April Jaji Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. M'bindikiro sudachitike. Ndikuvomera, tsiku limenelo ndidaomba m'manja. Simungamutsekere munthu wodya za tsiku lomwelo m'nyumba milungu itatu osamupatsa ufa.

Kenaka pa 28 April kudabwera mawu okoma. A Mutharika adalengeza kuti mabanja pafupifupi 172,000 a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba azilandira K35,000 pamwezi, ndalama yofanana ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka nthawi imeneyo. Ntchitoyi idali ya ndalama zokwana madola 51 miliyoni, ndipo idayenera kuyamba mwezi wa May. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. May adadutsa. June adadutsa. Ndalama ija idali pachala, ndipo mphepo ya kampeni idali ikuomba.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga, ndiye ndikhalapo pang'ono. Anthu ena akamakamba za kuchedwaku amati kudali kusowa kwa ndalama, ena amati kulemba maina m'makwalala a Ndirande ndi Mtandire si ntchito yamasewera. Zonsezi zili ndi choonadi chake. Koma ine ndimaona kuti chachikulu chidali chakuti thandizolo lidabadwa ngati mwana wa chipani, osati mwana wa lamulo. Lidatuluka m'kamwa mwa munthu amene amapikisana nawo pa chisankho patangotsala milungu yowerengeka. Aliyense wa mbali inayo amaliona ngati shuga wogulira mavoti, ndipo sindingawadzudzule kwambiri, poti tidaonapo chimanga cha boma chikugawidwa ndi anthu ovala nsalu za chipani, pansi pa maboma osiyanasiyana. Othandiza akunja, omwe ndiwo amayenera kuika gawo lalikulu la ndalamazo, sakanathamanga kuthira mabiliyoni m'manja mwa boma limene khoti lidali litangolikayikira kumene. Nyumba ya Malamulo nayo mutu wake udali kwina. Aphungu amalimbana ndi Pulezidenti pa mabilu a chisankho omwe iye adakana kusayinira m'mwezi wa March, pa za a Jane Ansah omwe adatula pansi udindo ku MEC m'mwezi wa May, ndi pa tsiku lovotera, lomwe pomaliza lidakhala 23 June. Sindikunena kuti zimenezi zidali zachabe. Chisankho chija chidali chofunika, ndipo ine ndidaima pamzere kukavota. Koma sindikumbukira tsiku limene mbali ziwirizi zidakhala pansi n'kunena kuti, tiyeni za mpando tikangane mawa, lero tigwirizane za mmene mayi wogulitsa zitumbuwa adyere.

Chodabwitsa n'chakuti onse adali ndi ndalama za misonkhano. Mabwalo amadzaza, malole amatuta anthu, nsalu ndi malaya zimagawidwa, pamene ana athu adali kunyumba chifukwa kalasi ya ana 80 idali yoopsa. Mwana wa sukulu si chitsiru. Adaona, ndipo adaphunzirapo kanthu komwe sikali pa silabasi.

A Lazarus Chakwera ndi mgwirizano wa Tonse adapambana. Tidamva za ntchito 1 miliyoni, za kudya katatu. Ndiye wina angaganize kuti poti mkangano watha, K35,000 ija ituluka sabata yotsatira. Ayi ndithu. Idadzayamba kufika m'mafoni a anthu, kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, kumayambiriro kwa 2021, ndipo idali ya miyezi itatu. Werengani nokha kuchokera April 2020. Munthu amene ntchito idamuthera nthawi ya masika adadzalandira thandizo "ladzidzidzi" chimanga china chili m'munda. Yerekezani ndi feteleza wotsika mtengo wa AIP, wa K4,495 pa thumba, amene boma latsopanolo lidakwanitsa kumuyambitsa mu October 2020, miyezi inayi chilowereni. Sindikudana ndi fetelezayo, abale anga adapindula naye. Ndikungoti boma likafuna chinthu limathamanga. Feteleza adali lonjezo lawo. K35,000 idali lonjezo la amene adagonja, mwana wamasiye wopezeka pakhomo.

Mu September 2020 majaji atatu adagamula kuti malamulo a m'bindikiro aja adali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo mwa zina adati boma silingatseke anthu popanda kukonza njira yowathandizira osauka. Chigamulo chabwino. Koma taonani chimene wosauka adatsala nacho m'manja. Khoti lidamuteteza kuti asatsekeredwe, zoona. Silikanatha kubweretsa alendo ku Mua, kapena kutsegula sukulu ya mlamu wanga. Ufulu woyenda adaupeza, koma kopita kukagulitsa kunalibe.

Ndipo ngakhale ndalamayo idatuluka, kuno siidafike. Idali ya m'mizinda inayi. Maganizo ake adali akuti wakumudzi ali ndi munda, adya za m'nkhokwe. Amene adaganiza zimenezi sadakhalepo ku Mtakataka kapena ku Golomoti. Ife si tauni, komanso si mudzi weniweni wa m'mabuku. Pano pali telala, wometa, wakabaza, wowotcherera zitsulo, wogulitsa tchipisi pa siteji, mphunzitsi wa pulaiveti wochita lendi. Ambiri alibe munda wokwanira, amagula ufa wa pa mbale ngati wa ku Kawale. Mtukula Pakhomo ulipo, inde, ndipo ndi pologalamu yabwino yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006. Koma umasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera ana amasiye, olumala, odwala. Mnyamata wa zaka 28 wobwerera ku Joni ndi wamphamvu, choncho sayenera. Sakhala mumzinda, choncho sayenera. Adagwa pakati ngati ndalama yachitsulo yogwera m'ming'alu ya thabwa.

Mtengo wa zimenezi tidaulipira ndi ana. Sukulu zidatsegulidwa pa 7 September kwa olemba mayeso, ena pa 12 October, ndipo madesiki ena adali opanda eni. Kafukufuku wa boma adapeza atsikana pafupifupi 40,000 otenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yotsekera ija. Kuno ndi dera la malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, mfumu imene idatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana, koma ngakhale mawu a mfumu amalemera movutikira pakhomo pamene pagona njala masiku awiri. Kholo lina lidandiuza maso ali gwa kuti mkamwini amabweretsa ndiwo, sukulu yotseka imabweretsa chiyani? Ndidasowa poyambira.

Tsopano za manyazi athu. January 2021 adali mwezi wa maliro. Pa 12 January tidataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Kenaka kudatuluka nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid, yomwe kafukufuku wa owerengera ndalama za boma adaonetsa kuti gawo lina lidathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata njira. Mu April 2021 a Chakwera adachotsa nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, pa nkhani ya alawansi ya ulendo wa ku South Africa yochokera ku thumba limeneli. Nduna ya zantchito, abale! Koma ndisaloze chala patali. Mu February 2021 ife aphunzitsi a m'boma tidanyanyala ntchito pansi pa TUM, kufuna alawansi ya chiopsezo. Ndidanyanyala nawo, ndipo mpaka lero ndimati dandaulo lathu lidali lomveka, poti timaima pamaso pa ana ochuluka m'chipinda chopanda mpweya. Koma tsiku lina mlamu wanga adandipeza nditakhala pakhonde nthawi ya sukulu nandifunsa, "Alamu, inu amene simudaphonyepo malipiro ndi amene mukunyanyala?" Adanena moseka. Ine nsima ya tsiku limenelo siidatsike bwino. Amene ali ndi bungwe amamveka. Lova alibe bungwe, alibe woti amunyanyalire.

Wina anganene kuti zokangana pa thandizo la malova si za ku Malawi kokha, ndipo akunena zoona. Ku America, boma lidayamba kuwonjezera madola 600 pa sabata kwa amene ntchito idawathera, kuyambira kumapeto kwa March 2020. Ndalamayo idatha kumapeto kwa July, chipani cha a Trump ndi cha a Nancy Pelosi adakokanakokana miyezi isanu, nawonso chisankho chili pakhomo, mpaka mu December pamene adagwirizana madola 300. Ndale ndi ndale kulikonse. Koma kusiyana kwake n'kwakuti iwo amakangana za kapamwamba. Pansi pake padali kale lamulo lakale lothandiza malova, lomwe limagwirabe ntchito andale akutukwanana. Ku South Africa kuli thumba la UIF lomwe wantchito ndi bwana amasonkhamo mwezi uliwonse, ndipo a Ramaphosa atalengeza R350 ya malova mu April 2020, mwezi wotsatira ena adayamba kulandira, ngakhale panali madandaulo ambiri. Ife tidalibe pansi pake. Mkangano utabuka, panalibe chotsalira.

Ndikudziwa yankho limene anzanga a ku staff room amandipatsa. Amati, iwe, dziko lomwe bajeti yake imadalira ngongole lingalipire malova? Amatinso pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse ogwira ntchito m'dziko muno sali pa ntchito yolembedwa, monga kafukufuku wa 2013 adaonetsera, ndiye ungadziwe bwanji kuti wosema ziboliboli "wachotsedwa ntchito"? Mafunso abwino, ndipo sindinama kuti ndili ndi mayankho onse. Sindikupempha kuti aliyense wopanda ntchito azilandira malipiro mwezi ndi mwezi. Zimenezo sitingathe. Chimene ndikunena n'chochepa. Mu 2020 ndalama idapezeka, umboni wake ndi wakuti pomaliza idaperekedwa, ndipo ina idadyedwa. Chidasowa ndi njira yokonzeratu. Tili ndi kaundula wa UBR amene maboma amalembamo mabanja. Bwanji asamakonzedwe chaka ndi chaka, n'kulowamo a m'matauni ang'onoang'ono ngati athu ano, ndi ntchito imene aliyense amadalira? Bwanji pasakhale lamulo lonena kuti pulezidenti akangolengeza kuti dziko lili pa ngozi, thandizo la ndalama liyambe pasanathe masiku akutiakuti, kwa anthu a mtundu wakutiwakuti, kuchokera ku thumba lakuti, ndipo wogawa asakhale wandale? Lamulo lotere likhoza kulembedwa nthawi ya mtendere, pamene palibe akudziwa kuti adzakhale pampando ndani tsoka likadzagwa. Pamenepo ndi pamene mbali zonse zingavomere, chifukwa aliyense amaopa kuti mnzake ndiye adzagawe.

Ndipo kwa olembedwa ntchito, ngati mlamu wanga, tili kale ndi lamulo la penshoni lomwe limati bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ngati njira yodula ndalama pa malipiro ilipo, kuikapo kachigawo kakang'ono ka tsiku la tsoka sikungafune nzeru za ku mwezi. Vuto lomwe ndikuliona ndi mabwana ambiri amene ngakhale penshoniyo satumiza, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chiyambire Covid taona namondwe Freddy mu March 2023, kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho, chilala cha 2024 chidapsereza minda. K35,000 ija lero ndi ndalama yoti munthu angapite nayo kumsika n'kubwerako ndi jumbo imodzi. Pa chisankho cha 16 September 2025 a Mutharika adabwereranso pampando, kugonjetsa a Chakwera omwe adawagonjetsa mu 2020. Ndiye kuti onse awiri alawa mbali zonse ziwiri za mkangano uja: wina adalonjeza osapereka, wina adapereka mochedwa. Palibe amene angati sakudziwa mmene zimawawira kulengeza thandizo anzako akulitcha kampeni. Phungu wathu akadzabwera kudzaona chitukuko pa sukulu pano, ndakonza kale kuti funso la mtsikana uja adzalifunse yekha, ine ndidzangomupatsa mpata.

Za mlamu wanga ndidalonjeza kubwereranso. Sukulu yake itatsegulidwa adamuitana, koma za miyezi isanu ndi umodzi ija sadamupatse ngakhale tambala, ndipo iye sadabwerere. Adagulitsa mabuku ake ndi wailesi, adakongola kwina, adagula njinga yamoto yakale. Lero amanyamula anthu pakati pa Mtakataka ndi Golomoti, nthawi zina mpaka kukwera Khwekhwerere. Akuti amapeza zoposa zomwe ankalandira pa choko. Ana anga a Fomu 4 akakanika samu ya ma logarithm amamudikira pa siteji madzulo, iye n'kuwawerengera pa chikuto cha kope, injini ikulira, kasitomala ali pambuyo akudandaula kuti achedwa.